Matabwa a mafunde ndi chala chosokedwa: lipoti la wophunzira kuyendetsa makina ocheka matabwa ku Kasungu

Ntchito yanga ndi yokonza makina ocheka matabwa, kunola macheka ndi kuphunzitsa anthu oyendetsa makinawo, ndipo ndimayendera malo ocheka matabwa a ku Kasungu ndi ku Mchinji. Lipoti ili ndi la mnyamata wa zaka 22 amene anaikidwa pa makina asanakhwime, pamalo ena a m'mbali mwa msewu wochoka pa boma la Kasungu kulowera ku Santhe. Dzina lake, la abwana ake ndi la malowo ndasunga. Ndalemba nkhaniyi chifukwa zimene ndinapeza kumeneko ndimazipeza m'malo ambiri. Matabwa akaipa, chala chimaloza wamng'ono pa onse, pomwe vuto lagona m'macheka, m'zipika ndi m'kalipiridwe.

Dandaulo

Mwini malo anandiyimbira foni mu Ogasiti. Ku Kasungu imeneyi ndi nyengo ya matabwa. Alimi agulitsa fodya ku Chinkhoma, ndalama zikadali m'thumba, ndipo aliyense akuthamangira kukhoma malata mvula isanagwe. Akalipentala amafuna ma 6x2 ndi ma 4x2 (miyeso ya matabwa m'mainchesi) a mitanda ya denga, ndi ma 2x2 okhomerapo malata. Maoda anali ochuluka kuposa mphamvu ya makina amodzi omwe analipo.

Madandaulo anali atatu: akalipentala akubweza matabwa, macheka akuduka pafupipafupi, ndipo woyendetsa makina wadzicheka chala. Mawu awo anali akuti, "Amisiri, bwerani mudzaone makinawa. Koma mnyamatayo ndikumuchotsa, ndi wosasamala. Mundipezere wina wodziwa ntchito." Ndinawapempha kuti asamuchotse ndisanafike, chifukwa makina sungawayeze bwino usanaone dzanja lomwe limawayendetsa.

Momwe mnyamatayo anafikira pa makina

Mnyamatayu ali ndi satifiketi ya MSCE. Asanabwere kuno ankagwira ganyu m'maesiteti, kusoka fodya ndi kumupachika m'zigafa, kenaka kukweza katundu m'malole. Analembedwa ntchito mu Meyi ngati wolandira matabwa. Iyi ndiyo ntchito yoyambira pamalo ocheka: kunyamula thabwa lililonse lomwe latuluka, kuponya zigwagwa pamulu wake, kuwola utuchi ndi fosholo, kuthandiza kugubuduza zipika. Ndi yolemetsa, koma ndi sukulu yabwino, chifukwa thabwa lililonse limadutsa m'manja mwako ndipo khutu limazolowera kusiyanitsa kulira kwa macheka akuthwa ndi obuntha.

Sanakhalitse m'sukuluyo. Mwezi usanathe, woyendetsa makina wakale ananyamuka ulendo wa ku Johannesburg, ndipo mwa anyamata otsala uyu ndiye ankawerenga tepi mosavuta, mainchesi ndi mamilimita omwe. Kapitawo anamuonetsa poyatsira injini, pokwezera ndi potsitsira mutu wa makina, ndi pomangira chipika. Zonsezo zinatha m'mawa umodzi. Masana ake anali akucheka yekha.

Kapitawoyu ntchito amaidziwa ndithu, koma anaiphunzirira ku Chikangawa. Nkhalango ya kumeneko ya Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, mbali yake yaikulu inabzalidwa paini, ndipo ocheka matabwa ambiri a msinkhu wathu anakulira pa mtengo umenewo. Paini ndi wofewa, wowongoka, ndiponso wokhululuka. Ungathe kukankha makina mothamanga, macheka atayamba kale kubuntha, thabwa n'kutulukabe looneka bwino. Moto ndi kudula kosabzala zitachepetsa paini wa ku Chikangawa, eni makina ambiri anatsikira kuno, kumene maesiteti anabzala bulugamu kuti azipeza nkhuni ndi mitengo yomangira zigafa. Bulugamu ndi nkhani ina. Ndi wolimba, akayamba kuuma amalimba kuposerapo, ndipo m'kati mwake muli mphamvu yokokana imene imamasuka ukangomucheka. Liwiro lomwe kapitawo anaonetsa mnyamatayo linali liwiro la paini.

Gulu lonse, kuyambira woyendetsa makina, olandira matabwa awiri mpaka ogubuduza zipika, linkalipidwa potengera chiwerengero cha matabwa otuluka pa tsiku. Abwino ndi oipa ankawerengedwa chimodzimodzi.

Zomwe ndinapeza

Ndinayamba ndi mulu wa matabwa obwezedwa. Thabwa la 6x2 limayenera kukhala lochindikala mamilimita 50 kuchokera kumutu mpaka kumchira. Ambiri mwa awa ankasewera pakati pa 44 ndi 55, ndipo ukayendetsa chikhatho pamwamba pake unkamva mafunde ngati a msewu wafumbi wosapalidwa. Mafundewo ankakula pamene pali mfundo. Gulu lina linalibe mafunde, koma linali lokhota ndiponso losiyana kuchindikala pakati ndi kumapeto. Awa ndi matenda awiri osiyana. Oyambawo amachokera ku macheka, achiwiriwo amachokera ku mtengo ndi kachekedwe.

Makinawo ndi a lamba, ogona, oyendera injini ya dizilo poti pamalopo magetsi sanafike. Macheka ake ndi lamba wachitsulo wa mamilimita 32 m'lifupi, mano ake otalikirana mamilimita 22. Manowo amapindidwa motsatana: dzino lina kumbali iyi, lina kumbali inayo, lachitatu lowongoka lokolopa utuchi. Kupindako n'kochepa, pafupifupi theka la milimita mbali iliyonse, koma ndiko kumatsegula njira yoti thupi la lamba lidutse osakhuzana ndi mtengo. Njirayo imangodya mamilimita awiri kapena kuposerapo pang'ono, pomwe macheka ozungulira amadya asanu kapena kupitirira, ndipo n'chifukwa chake makina a lamba amakondedwa: chipika chomwecho chimatulutsa matabwa ambiri. Koma lamba wopyapyala chonchi alibe mphamvu yodziwongola yekha. Mano a mbali imodzi akabuntha kapena akataya kupindika kwawo, lambayo amathawira ku mbali yakuthwa, ndipo woyendetsa ngakhale akhale katswiri chotani sangamubweze.

Nditayeza macheka omwe anali pa makina, ndinapeza kuti mano opindikira m'mwamba anali pafupi ndi muyeso wake, koma opindikira pansi anali atatsala pang'ono kuwongokeratu. Nsonga zake zinali zonyezimira, chizindikiro chakuti zabulungira, ndipo mano angapo anali obenthuka. M'zigwa za pakati pa mano munali timing'alu tating'ono toonekera padzuwa. Nditafunsa za kanoledwe, anandionetsa tupa. Ankanola nsonga zokha ndi dzanja, macheka ali pa makina pomwepo. Tupa sangafananitse kutalika kwa mano, sabweza kupindika, ndipo safika m'chigwa mmene mng'alu umayambira. Makina onolera amapala dzino lonse ndi chigwa chomwe, n'kuchotsa timing'aluto tisanakule. Kuduka kwa macheka kunkachokera apa, kuphatikizapo zizolowezi ziwiri. Choyamba, macheka amodzi ankagwira ntchito tsiku lathunthu, pomwe amayenera kutsitsidwa akacheka kwa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Chachiwiri, madzulo ankawasiya ali okungidwa mpaka m'mawa. Ngakhale mtundu wa mano sunali woyenera: anali opendekera kutsogolo ndi madigiri 10, abwino pa paini ndi mitengo yofewerapo, pomwe bulugamu woyamba kuuma amachekeka bwino ndi mano oimirira pang'ono, a madigiri 7.

Pa makina enieniwo zolakwika zinali zambiri koma zazing'onozing'ono. Mwendo umodzi wa bedi, pomwe pamagona chipika, unatitimira m'dothi losakanikirana ndi utuchi, choncho njanji zomwe mutu wa makina umayendapo sizinali pa levulo. Mwa timawilo tiwiri tomwe timagwira macheka pafupi ndi chipika, kamodzi kanali kosazungulira, bering'i yake itagwira, ndipo lamba anali atakaperesa mbali imodzi. Mkono wosuntha womwe umayenera kuyandikitsidwa ku chipika unali utatsegulidwa mpaka kumapeto chifukwa bawuti yake inachita dzimbiri, ndiye macheka ankayenda mtunda wautali opanda chowagwira. Thanki ya madzi inali youma ndipo kapaipi kake kanatsekeka, motero utuchi unkamatirira pa lamba ndi pa mawilo. Makungidwe a lamba anali ochepera pa chizindikiro chake. Zotchingira mawilo zinali zitachotsedwa n'kutsamiritsidwa pa mtengo wa mango, ati zimachedwetsa posintha macheka.

Zipika nazo zinali ndi mlandu wake. Ankazikoka pansi kuchokera kumunda wa mitengo, ndipo dothi la kuno ndi lamchenga. Mchenga wolowa m'makungwa umabunthitsa mano mofulumira kuposa mtengo weniweniwo. Zina zinachokera ku mizere ya m'malire a esiteti, kumene anthu anakhomerera waya waminga pa mitengo zaka zambiri zapitazo ndipo mtengo unameza wayawo. M'mulu wa zigwagwa ndinapezamo chimodzi chokhala ndi kachidutswa ka waya kodulidwa mwatsopano. Kubenthuka kwa mano kuja kunachokera pamenepo. Zipika zambiri zinali zitagona padzuwa kwa masabata, kumapeto kutang'ambika kale.

Mnyamatayo pa makina

Ndisanakhudze kanthu ndinamupempha kuti acheke chipika chimodzi monga amachitira masiku onse. Chala chake chinali chikadali ndi bandeji, ndipo anali ndi mantha poganiza kuti ndabwera kudzamuchotsetsa ntchito.

Zolakwa zake ndinaziona. Ankakankha mutu wa makina ndi mphamvu, ndipo injini ikayamba kulemedwa ankawonjezera mphamvu m'malo mochepetsa. Ankacheka kuchokera pamwamba kutsika mpaka pansi osatembenuza chipika. Pa bulugamu zimenezi ndi zomwe zimabala matabwa okhota aja. Ukachotsa matabwa mbali imodzi yokha, mphamvu yokokana ija imatsala mbali inayo, chipika chimapindika chili pa bedi pomwepo, ndipo macheka oyenda mowongoka amadula chinthu chomwe chasiya kuwongoka.

Koma ndinaonanso zina zomwe abwana ake sankaziona ali mu ofesi. Ankayeza kawiri asanatsitse macheka. Ankamanga chipika molimba n'kuona kuti zitsulo zogwirira zili pansi pa mzere wodutsa macheka, chinthu chomwe ophunzira ambiri amaiwala mpaka atacheka chitsulo. Ndipo pakati pa chipikacho, kulira kwa macheka kutasintha, anaima yekha n'kuyang'ana kwa kapitawo. Kapitawo anamukodola ndi dzanja kuti apitirize, iye n'kupitiriza.

Pa nthawi ya nkhomaliro ndinakhala naye pambali.

"Mphwanga, unaimiranji paja?"

"Bambo, ndinamva kuti macheka akulira mosiyana. Akatero thabwa limaipa."

"Nanga bwanji sunazimitse?"

"Ndikanena kuti tisinthe macheka, anzanga amati ndikuwadyera ndalama. Ndine wamng'ono pano, bambo."

Yankho limeneli ndilo linandiuza zambiri kuposa geji iliyonse. Khutu anali nalo, ndipo khutu ndilo chinthu chovuta kuphunzitsa pa ntchitoyi. Chomwe analibe ndi mphamvu yoimitsa makina. Kusintha macheka kumadya mphindi zingapo, ndipo pa kalipiridwe ka pa thabwa mphindi zimenezo zimachoka m'thumba la munthu aliyense wa m'gululo. Mnyamata wobwera dzana sangalimbane ndi akuluakulu a mabanja pa nkhani ya ndalama zawo.

Ngozi ya chala

Inachitika sabata imodzi ndisanafike. Poti madzi sankatsika, utuchi unaunjikana pa kawilo kogwira macheka. Mnyamatayo anamasula chogwirira choyendetsa lamba, injini ikulirabe, n'kulowetsa dzanja lamanzere kuti apale utuchiwo. Anali atavala magolovesi. Lamba anali asanaime. Mano anakola golovesi n'kukoka dzanja, koma mwamwayi golovesiyo inali yakutha ndipo inang'ambika. Anachekeka chala chamkombaphala. Ku chipatala anamusoka n'kumubaya jakisoni wa kafumbata. Fupa silinakhudzidwe ndipo chalacho chinkapindika bwinobwino. Anabwerera pa makina patangopita masiku awiri chifukwa tsiku losacheka linali tsiku losalandira. Palibe yemwe analemba ngoziyi paliponse.

Macheka a makina otere amathamanga mamita oposa 20 pa sekondi imodzi. Ukawamasula ku injini saima pomwepo, chifukwa mawilo ndi olemera ndipo amapitiriza kuzungulira okha. Akamachedwa mano saonekanso ngati oopsa, ndipo ngozi zambiri za ophunzira zimachitika pa kanthawi kameneka. Za magolovesi ndiyenera kunena momveka, chifukwa eni makina ambiri amaganiza kuti akagula magolovesi amaliza nkhani ya chitetezo. Magolovesi ndi onyamulira zipika ndi matabwa, komanso osinthira macheka injini itazimitsidwa. Pafupi ndi chinthu chozungulira ndi msampha. Dzanja lopanda kanthu likakhudza dzino limathawa, koma golovesi ikakoledwa imapita nalo dzanja lonse. Ikanakhala golovesi yatsopano yachikopa, lipoti ili likanakhala la dzanja, osati la chala. Utuchi umachotsedwa ndi burashi kapena kamtengo, injini itazima, lamba ataima, kiyi ali m'thumba la wochotsayo. Zimenezi palibe anamuuzapo.

Pocheza naye ananenanso kuti usiku m'makutu mwake mumalira. Pamalopo panalibe zotseka m'makutu. Muyeso wodziwika ndi wakuti phokoso lofika madesibelo 85 kwa maola 8 pa tsiku limawononga makutu, ndipo injini ya dizilo ili pambali pa mutu wako pamodzi ndi macheka zimapitirira pamenepo. Popanda chida choyezera, njira yapafupi ndi iyi: ngati ukuchita kukuwa kuti munthu woima pafupi nawe akumve, phokoso lapyola. Fumbi nalo ankadziteteza nalo ndi kansalu kokulunga pamphuno. Mu 1995 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, linaika fumbi la mitengo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno, ndipo chifuwa ndi mphumu zimabwera msanga kuposa pamenepo. Kansalu kamagwira utuchi wooneka ndi maso, fumbi losalala lija limadutsa.

Chigamulo changa

Pa zonse zomwe ndinapeza, zochokera m'manja mwa mnyamatayo zinali zitatu: kukankha mothamanga, kusatembenuza chipika, ndi kulowetsa dzanja pa macheka oyenda. Choyamba anachita kuphunzitsidwa ndipo kalipiridwe kankachilimbikitsa. Ziwiri zinazo sanaphunzitsidwe n'komwe. Zotsala zonse anazipeza zili choncho. Ndinawauza mwini malo kuti atamuchotsa n'kulemba katswiri, matabwa a mafunde akanabwerera sabata isanathe, chifukwa macheka, zipika ndi kalipiridwe zikanakhala zomwezo, ndipo akanataya mnyamata yemwe amamva macheka.

Ndinawakumbutsanso za malamulo. Lamulo la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi ubwino wa anthu pantchito limafuna kuti mbali zoopsa za makina zitchingidwe, ndiponso kuti wolemba ntchito aphunzitse ndi kuyang'anira antchito ake. Lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pantchito la 2000 limaika udindo wa wovulalayo pa wolemba ntchito. Ndinawalangiza kuti abweze ndalama zomwe mnyamatayo anawononga popita ku chipatala, amulipire masiku omwe anagona, ndipo ngoziyo akaidziwitse ku ofesi ya zantchito ya pa boma. Panalinso ana a m'mudzi omwe ankabwera kudzatola zigwagwa za nkhuni mpaka pafupi ndi njanji za makina, ndipo wina ankathandiza kuwola utuchi kuti apatsidwe zigwagwazo. Lamulo la zolemba ntchito la 2000 sililola munthu wosakwana zaka 18 kugwira ntchito yoopsa. Mulu wa zigwagwa tinausamutsira kunja kwa mpanda.

Zomwe tinachita

Kukonza makina kunali kosavuta. Tinathira konkire pansi pa miyendo n'kuika bedi pa levulo, tinasintha kawilo kakufa kaja, tinamasula mkono wosuntha, tinatsuka kapaipi ka madzi, tinakonza makungidwe, ndipo zotchingira zinabwerera pamalo pake. Macheka okhala ndi ming'alu yozama tinawataya, otsalawo ndinapita nawo kukanola pa makina ndi kukapinda mano, ndipo mwini malo anagula ena a madigiri 7 kuti pakhale osinthana. Pa khoma la shedi tinapachika bolodi lolembapo nthawi yomwe macheka akwera ndi yomwe ayenera kutsika. Nthawiyo ikakwana amatsika, kaya akuoneka akuthwa kaya ayi. Madzulo aliwonse amamasulidwa.

Zipika tsopano zimagona pa mitanda, osati pa dothi. Chisanakwere pa bedi, ogubuduza amachikwecha ndi burashi yawaya, ndipo pamene khungwa ladzaza mchenga amalisenda ndi nkhwangwa mbali yolowera macheka. Mitengo ya m'malire amaiyang'ana mozungulira kufunafuna zipsera za waya, ndipo chigawo cha kutsinde chokayikitsa chimapita ku nkhuni. Tinagwirizananso kuti bulugamu asamadulidwe wambiri n'kumagona padzuwa, koma azibwera mogwirizana ndi mphamvu ya makina.

Mbali yomwe inafuna nthawi ndi ya anthu. Mnyamatayo ndinamubweza pambuyo dala. Anayamba ndi macheka ali pansi: kuwapinda ndi kuwatambasula osadzivulaza, kuona nsonga yobuntha, kufufuza mng'alu, kuwakweza, kuwakunga ndi kuzunguza wilo ndi dzanja kuti aone ngati lamba akuyenda pamalo pake. Kenaka tinapita ku zoyang'ana m'mawa injini isanalire, monga mafuta, madzi a m'thanki, zotchingira, timawilo, njanji, ndi kuona kuti kutsogolo kwa macheka kulibe munthu. Pocheka tinayamba ndi mitengo ya malayina, yomwe ndi yofewerapo, kuti dzanja liphunzire kutsatira kulira kwa injini m'malo molimbana nayo. Polowa m'chipika amayamba pang'onopang'ono, pa mfundo amachepetsa, injini ikalemedwa amabweza dzanja. Atazolowera ndiye tinabwerera ku bulugamu.

Pa bulugamu ndinakhalitsa naye. Amatsegula mbali imodzi, n'kutembenuza chipika kuti atsegule mbali yoyang'anana nayo, ndipo amachotsa matabwa mosinthanitsa, uku limodzi kapena awiri, uko chimodzimodzi, kuti mphamvu yokokana izimasuka mofanana. Akatembenuza amayang'ana ngati chipika chagona pa bedi paliponse kapena chadzuka pakati. Chikadzuka amapala kagawo kopyapyala kuti awongole nkhope asanapitirize. Mtima wa mtengo amausiya m'kati mwa thabwa limodzi lochindikala, chifukwa ukagwera m'mphepete mwa thabwa lopyapyala limang'ambika pouma. Kutembenuzaku kumachedwetsa ndipo ogubuduza zipika sankakukonda, koma ndi ngowe yabwino yotembenuzira si ntchito yaikulu. Matabwa otuluka amasanjidwa pamthunzi, timitengo tolekanitsa titaikidwa molunjikana kuchokera pansi mpaka pamwamba, pamwamba pake n'kutsindikapo zolemera.

Kapitawo poyamba sanasangalale. "Amisiri, ife tinacheka ku Chikangawa zaka zonse zija popanda mabolodi amenewa," anatero. Sindinatsutsane nawo pagulu. Anyamata atapita kukadya ndinawapempha kuti acheke okha chipika cha bulugamu ndi macheka akale aja, kenaka china ndi onoledwa. Thabwa loyamba linatuluka ndi mafunde m'manja mwawo momwe. Analiyeza okha, anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa kuti macheka onoledwawo alipo angati. Lero ndi iwo amasunga nthawi ya pa bolodi, ndipo mnyamatayo akaimitsa makina ndi iwo amayankha odandaula. Popanda kapitawoyu zonse zomwe ndinaphunzitsa zikanatha nditangotuluka pa geti.

Pa kalipiridwe ndi pomwe tinalimbana kwambiri ndi mwini malo. Ndinapempha zinthu ziwiri: wophunzira alandire malipiro a pamwezi mpaka atakhwima, ndipo gulu lizilipidwa pa matabwa okhawo opambana pa tepi. Iwo ankaopa kuti anthu ayamba ulesi. Ndinawatengera pa mulu wa matabwa obwezedwa kuti awerenge okha dizilo, zipika, macheka ndi malipiro omwe anagona pamenepo, kuwonjezapo akalipentala omwe anali atasamukira kwa ocheka ena. Anavomera kuyesa mpaka Disembala. Anagulanso zotseka m'makutu, magalasi ndi mamasiki a fumbi. Ndalama za chipatala ndi za masiku aja anamupatsa mnyamatayo, ndipo ngoziyo inalembedwa.

Zotsatira ndi zotsala

Nditapitako mu Okutobala, matabwa a 6x2 omwe ndinayeza ankasewera pakati pa mamilimita 49 ndi 51, ndipo mafunde anali atatha. Okhota ankapezekabe apo ndi apo, makamaka ochokera ku zipika zazing'ono, zomwe pa bulugamu sizingatheretu. Chiwerengero cha pa tsiku chinatsika m'masabata oyamba, kenaka chinakweranso kufika pafupi ndi chakale, chifukwa macheka akuthwa amayenda okha ndipo nthawi yomwe inkatayika macheka akaduka inabwerera. Akalipentala anasiya kubweza matabwa. Mnyamatayo akuyendetsa makina yekha ndipo wayamba kuonetsa wolandira matabwa watsopano kayang'anidwe ka macheka. Bala linapola, koma nsonga ya chalacho imachita dzanzi m'mawa kukazizira. Kulira kwa m'makutu kwachepa koma sikunathe, ndipo ndinamuuza kuti akapimitse makutu ku chipatala. Ndinamulangizanso kuti akafunse ku TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, za njira yopezera pepala la luso lake, chifukwa pamalo otere ntchito imatha ndi mitengo ndipo adzafunika umboni kwina.

Zinthu ziwiri sizinakonzeke. Mamasiki anagulidwa kamodzi kokha, ndipo nditafika ndinapeza anyamata abwerera ku tinsalu. Ndinawauza mwini malo kuti mamasiki awaike pa mndandanda umodzi ndi dizilo, poti zonse ndi zinthu zotha.

Chachiwiri ndicho chikundidetsa nkhawa kwambiri. Kuseri kwa shedi kuli tebulo la macheka ozungulira lopangidwa ndi owotcherera zitsulo, lomwe amang'ambirapo ma 2x2. Lilibe chotchingira pamwamba, ndipo lilibe kampeni kachitsulo koima kumbuyo kwa macheka kotsegula mpata wochekedwa. Bulugamu amakonda kutseka mpatawo, ndipo akapana mano akumbuyo, omwe amakhala akukwera, thabwa limaponyedwa kwa wokankhayo pa msinkhu wa mimba. Mwini malo akufuna kuti mnyamatayo aphunzirenso tebuloli poti wasonyeza luso, ndipo akuti zokonzazo adzachita maoda akachepa. Ndinakana, ndipo ndinalemba m'buku la pamalopo, kapitawo akuona, kuti wophunzira aliyense asaime pa tebulolo kampeniko ndi chotchingira zisanaikidwe, ndiponso popanda ndodo yokankhira. Miyeso ya kampeniko ndinatenga: kayenera kukhala kochindikala kuposa thupi la macheka koma kopyapyala kuposa mpata womwe mano amatsegula. Chitsulo chake ndachipeza, ndipo chikudikira kuti mwini malo avomere kuimitsa tebulolo kwa tsiku limodzi.